Sitemu yayifupi pa mountain yakale, mmene yakhalira fumbi ndi dzinja zitadutsa

Nde akuluakulu, sitemu yayifupi (kachitsulo kolumikiza handulo ndi foloko) imene ndinayika pa njinga yanga ya mountain ya kaunjika nyengo yogulitsa fodya ija yaona fumbi la Okutobala, yaonanso matope a dzinja lonse, pano nditha kunena zoona zake. Njinga yake ndi zakale zija za felemu ya chitsulo, sitemu yake inali yolowa mkati mwa foloko, yayitali 130mm, ukakwera umachita kugona pa handulo ndipo kuchoka pa boma kufika ku Mtunthama msana umakhala utatheratu, zikhatho dzanzi lokhalokha.

Chomwe ndikufuna mumve ndi nkhani yoyeza, coz apa ndi pomwe ndalama zimatayika. Njinga zakalezi zilipo mitundu iwiri, ina chitsulo cholowa mu foloko chimakhala 22.2mm, ina 25.4mm. Yanga ndi ya 25.4. Chosokoneza nchoti pakati pa handulo yakale, pomwe sitemu imagwira paja, naponso ndi 25.4mm, nde wogulitsa akangoti "iyi ndi 25.4 bwana" mufunseni kuti 25.4 yake ya pati, ya ku foloko kapena ya ku handulo. Masitemu a masiku ano salowa mkati ayi, amavala kunja kwa paipi ya 28.6mm, ndipo ambiri kukamwa kwake ndi 31.8mm. Ndinagula ka adaputala kolowa mu foloko 25.4 pamwamba 28.6, kenako sitemu ya 80mm yodzuka pang'ono, handulo yakale ija ndinayigwiritsa ndi ka shimu ka aluminiyamu, kachitsulo kotseka mpata pakati pa handulo ndi kukamwa kwa sitemu. Osadula chitini cha chakumwa kuti chikhale shimu chonde, mpata wake ndi waukulu, 25.4 ndi 31.8 sizoyandikana.

Kuchotsa sitemu yakale, masulani bawuti ya pamwamba ndi allen key ya 6mm kangapo chabe osaitulutsa, ikani kathabwa pamwamba nkumenya ndi hamala kuti ka weji kamkati, kachitsulo kamene kamamangitsa sitemu mu foloko, kagwe. Basi imatuluka, ngati dzimbiri silinagwire.

Msana unasiya kuwawa, izo nde palibe kukambirana. Pamchenga wa misewu ya ku ma esiteti tayala lakutsogolo silikumiranso ngati kale chifukwa thupi lonse silikutsamira kutsogolo. Koma masabata oyambirira njinga inali yopepuka kutsogolo mowopsa, kungokhudza handulo yakhota kale, kutsika kachitunda uli ndi katundu pa keliyala mtima m'mwamba. Chifukwa chake ndi handulo zakalezi, nzazifupi kwambiri, sizimapitirira 580mm zambiri, nde sitemu yayifupi pa handulo yayifupi sizigwirizana. Nditapeza handulo yayitaliko ya 31.8 ndinachotsa shimu ija, njinga inakhazikika, ndipo kaphokoso ka kwii kwii kamene kankamveka ndikamapalasa moyimirira kanathera pomwepo. Ineyo ndimati phokosolo linkachokera pa shimu. Ndiye amene mukufuna kusintha, sungani ndalama mugule sitemu ndi handulo pamodzi, shimu ndi yongodikirira nayo.

Pachitunda chokwera kwambiri tayala lakutsogolo limafuna kudzuka, ndimangosendera kutsogolo kwa chishalo, zazing'ono izo.

Mawaya nawo musaiwale. Handulo ikakwera komanso kutalika, waya wa buleki yakutsogolo ndi wa magiya amafupika, ukakhota mpaka mapeto buleki imadzigwira yokha. Ine ndinasinthitsa onse kwa makaniko wina wa pa msika, mkulu wake amakonza za akabaza koma izi anazidziwa bwino.

Pomwe pakufunika maso ndi pa adaputala paja. Ndi aluminiyamu yolowa mu chitsulo, madzi a mvula amatsikira momwemo, ukapanda girisi ziwirizi zimagwirana moti sudzazulanso. Ndinapaka girisi wambiri poyika, dzinja litatha ndinazula kuti ndione, pansi pa foloko panali kadzimbiri kofiira koma adaputala inatuluka bwinobwino, ndapukuta nkupakanso. Pali kamzere kolembedwa pa adaputala kosonyeza polekezera, kamzereko kazikhala kobisika mkati. Ndimaona anyamata ena atakweza handulo mpaka kamzere kali poyera kuti azikhala mowongoka, amwene, weji ikamangira pa mazinga a foloko paja chitsulo chake nchopyapyala, tsiku lina pa bampu chidzathyoka uli pa liwiro.

Mabawuti anayi akutsogolo kwa sitemu ogwira handulo aja mangani mopingasa, pang'onopang'ono, mpata wa pamwamba ndi wa pansi uzifanana. Pa sitemu yanga analembapo 5Nm, muyezo wa mphamvu yomangira mabawuti, sipanala yoyezera ndilibe nde ndimagwira allen key chakufupi kuti mphamvu isachuluke, aluminiyamu sachedwa kudya mazinga. Mpaka pano handulo sinatembenukepo, kungoti mitu ya mabawutiyo yachita dzimbiri msanga, zotchipa zimaonekera pamenepo.

China, kutsogolo kukayamba kugwedera ukagwira buleki musalimbane ndi bawuti ya pamwamba pa adaputala, iyo simanga mabelingi. Pa njinga zakalezi mabelingi amamangidwa ndi manati akuluakulu awiri apansi paja, pa yanga ndi sipanala ya 36mm, za 22.2 zija nthawi zambiri ndi 32mm. Yanga ndamanganso kamodzi mvula itasiya.

Njinga ya mng'ono wanga ndi ya 22.2, iye ndi wamtali kuposa ine nde tikufuna sitemu ya 90mm, adaputala ya 22.2 imeneyo pa boma pano sitinaipeze, tatuma munthu ku Lilongwe.