Katapila wathu D6D atadutsa chilimwe, dzinja ndi chisanu

Amene munawerenga zimene ndinalemba titangogula katapila wathu mukumbukira kuti ndinamuyamikira pa zinthu ziwiri: matcheni anali asanadyeke kwenikweni, ndipo injini inkadzuka msanga popanda utsi wodetsa nkhawa. Za mafuta ndinati ndidzanena akadzalawa ntchito yeniyeni. Wailawa tsopano. Fumbi la Okutobala linamupeza akuzula zitsa ku Lusaka West, dzinja lonse anali pa damu la mlimi wina kupitirira Chongwe, ndipo chisanu cha Juni chamupeza m'dzenje la gelevulo cha ku Chilanga. Magiya, matcheni ndi mahaidiroliki sizinativute. Tsiku lililonse limene anagona osagwira ntchito, mlandu unali wa dizilo: mwina sakufika ku pampu imene imaponyera dizilo m'masilinda, mwina akufika ndi mpweya, mwina akufika ndi madzi.

Makinawa ndi Caterpillar D6D, mtundu umene unayamba kutuluka mu 1977. Injini yake ndi 3306 ya masilinda 6, malita 10.5, ya turbo, ndipo mphamvu yake ndi 140 hp. Ma 3306 safanana onse, choncho musanagule chitsulo chilichonse werengani kaye nambala ya injini. Ena ali ndi pampu ya scroll, ena ya sleeve metering. Ena amawaza dizilo molunjika m'silinda, ena amayamba kuwaza m'kachipinda kakang'ono kokhala ndi hita, kachitsulo kamagetsi kotenthetsa poliza injini. Wathu ndi wa sleeve metering ndi mahita. Pampu yamtunduwu imakhala yodzaza ndi dizilo m'kati monse, ndipo dizilo yemweyo ndiye amafewetsa pafupifupi zonse zoyenda m'menemo: kamushafiti, timapulanja tokankha dizilo, ndi gavanala yosunga liwiro la injini. Madzi akalowa limodzi ndi dizilo amakakhazikika pansi pa pampu, n'kuyamba kudya zitsulo mwakachetechete.

Vuto loyamba linabwera nthawi yotentha. M'mawa amalira bwinobwino, n'kugwira ntchito ngati ola, kenako akakankha dothi pamtunda injini imafooka, kutsokomola, n'kuzima. Mukapopa ndi kapampu kamanja amadzukanso, n'kupita nanu pang'ono, n'kubwerezanso zomwezo. Alamu anga, amene amamuyendetsa, anaimba foni nati, "Alamu, pampu yatha iyi, tisamataye nthawi." Aliyense wodutsa pamalopo ankanena zomwezo. Ku Lusaka injini ya dizilo ikangotsokomola, mlandu amaupatsa pampu ndi mainjekita asanatsegule ndi chivundikiro cha thanki chomwe, ndipo pali malo ena amene angakuchotsereni pampu tsiku lomwelo mosangalala kwambiri.

Mdala wina wa ku Chinika, amene anakulira pa makina a ku migodi ku Copperbelt, anabwera ndi chigubu cha malita 20 cha dizilo woyera ndi paipi yapulasitiki yoonekera m'kati. Analumikiza paipiyo molunjika ku pampu, thanki n'kuisiya pambali, chigubu n'kuchimangirira pabonati. Katapila anakankha dothi masana onse osatsokomola. Mdalayo anati, "Mwana wanga, pampu yakufa siichira chifukwa cha chigubu. Vuto lili kumbuyo uku." Kuyesa kumeneku ndi kotchipa kuposa kwina kulikonse, ndipo kumagawa makina pawiri: ngati injini yachira, funani pakati pa thanki ndi pampu, ngati ikuvutabe, pamenepo ndiye muyambe kuganiza za pampu.

Titabwezera mapaipi, tinaika kachidutswa koonekera kaja pa paipi yolowa ku pampu, ndipo thovu linkaoneka likudutsa. Mpweya wolowera mbali yokoka ndi wovuta kuugwira chifukwa paipi ikhoza kuyamwa mpweya osadontha dizilo ngakhale pang'ono. Pa D6D thanki ili kumbuyo kwa mpando. Ikadzaza, dizilo amatsika yekha ndipo kabowo kakang'ono sikaonekera. Ikafika pansi, makina n'kuloza mphuno kumtunda, pampu imayenera kukoka, ndipo pamenepo ndi pamene mpweya umalowa. N'chifukwa chake ankazima pokwera chabe. Pofuna kupeza bowolo tinatseka chivundikiro n'kupopera mpweya wochepa m'thanki, 35 kPa basi. Musapitirire 55 kPa, thanki imatupa ndi kung'ambika. Panatuluka dizilo malo awiri: paipi yalabala imene inauma n'kusweka pansi pa kilampu, ndi pa kapampu kamanja komwe. Kapampuka kakakalamba labala wake amatha, ndiye chinthu chimene mumachotsera mpweya ndicho chikulowetsa mpweya. Kabowo kopumira ka pachivundikiro cha thanki nakonso kanali katamatika ndi fumbi losakanikirana ndi dizilo. Mukamasula chivundikiro pambuyo pa ntchito n'kumva mpweya ukulowa ndi mluzu, dziwani kuti thanki sikupuma.

Zonsezi zinatha ndi paipi yatsopano, makilampu, kapampu kamanja ndi kutsuka chivundikiro. Ndalama yake siinafike ngakhale pa mtengo wongokweza pampu pa benchi yoyesera mapampu.

Dzinja ndilo linatilanga. Ku damu kuja dizilo ankabwera ndi mwini famu m'migolo ya malita 210. Popeza ERB, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, imalengeza mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, anthu akamva mphekesera yoti akwera amagula migolo yambiri n'kuiimika panja. Mgolo woimirira umasunga madzi a mvula pamwamba pake. Masana ukatentha mpweya wa m'kati umatuluka pa chotsekera, usiku ukazizira umayamwa, ndipo umayamwa madzi aja. Chotsekera chimaoneka chomanga, koma pansi pa mgolo pali madzi. Wopopa akalowetsa paipi mpaka pansi, zoyamba kulowa m'thanki ndi zimenezo.

Zizindikiro zinali zosiyana ndi za mpweya. Geji ya presha ya dizilo inkatsikira kofiira injini ikalemedwa, filita yatsopano n'kutsekeka m'masiku owerengeka pomwe iyenera kufika maola 500. Titadula filita imodzi ndi sowo tinapeza pepala lake litatupa ndi madzi, lili ndi zinthu zakuda zonanda ngati therere. Izi ndi tizilombo timene timamera pamalire a madzi ndi dizilo. Mankhwala ophera tizilomboti alipo, koma madzi akatsalamo timabwereranso, ndipo takufato timatsekanso filita. Tinakhuthula thanki yonse kudzera pa valavu yapansi. Poyamba panatuluka madzi a dzimbiri, kenako matope, ndipo pa sefa yapotulukira tinapezapo chidutswa cha nsanza chimene chiyenera kuti chakhalamo kuyambira kwa eni ake akale. Nsanza yotere imayandama, kukatseka potulukira, injini ikazima n'kuchokaponso. Munthu angafune vuto lotere mwezi wathunthu.

Apa pokha ndi pamene pampu inachotsedwa, ndipo panali chifukwa. Thanki itayera, mafilita atasinthidwa, ngakhale pa chigubu chija injini inkakwera ndi kutsika yokha popanda wogwira chowonjezera mafuta, ndipo kuizimitsa kunkachedwa. Atatsegula chivundikiro cha pambali anapeza dzimbiri pa timasilivu timene timatsetsereka pa mapulanja poyeza dizilo wopita ku silinda iliyonse. Tina tinkakakamira, gavanala n'kumalimbana nato. Silivu yokakamira pamalo a mafuta ambiri ingathamangitse injini mpaka kuiphwasula, choncho pamenepa sitinachite makani. Poliza koyamba pampu itabwerera, mdala uja anaima pafupi ndi polowera mpweya ali ndi thabwa m'manja, lotsekera injini ikathawa. Musamatseke ndi dzanja kapena nsanza, turbo imameza.

Kuchokera pamenepo tinasintha kagwiridwe ka ntchito. Tinamangirira filita ina yolekanitsa madzi, ya kabakuli koonekera pansi, pakati pa thanki ndi pampu. Thanki timadzaza madzulo pomaliza ntchito kuti musatsale malo a mpweya wachinyezi umene umasanduka madzi usiku. M'mawa asanalize, alamu amatsegula valavu yapansi mpaka dizilo atuluke woyera. Migolo timaigoneka chammbali pa matabwa ndipo timaisiya ikhazikike tisanapope. Filita yatsopano sitiidzaza ndi dizilo wa m'chigubu tisanaimange, ngakhale amakaniko ambiri amatero pofuna kufulumira, chifukwa dizilo wothira pabowo lapakati amapita ku pampu osasefedwa. Kupopa ndi manja kumatopetsa mkono, koma ndi mphindi zochepa. Chachikulu kuposa zonse, tinasiya kubwereketsa makina mwa dongosolo loti wobwereka abweretse mafuta ake. Dizilo timabwera naye tokha kuchokera pa filing'i siteshoni, n'kumuwerengera mu mtengo wa ola. Ena anadandaula kuti takwera mtengo, mmodzi anapita kwina.

Pali nkhani imene imamveka kwambiri m'magalaji, yoti dizilo wa masiku ano ndi wopepuka ndipo ndiye akupha mapampu akale. N'zoona kuti dizilo anasintha. Indeni ku Ndola inasiya kuyenga mafuta mu 2021, ndipo kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam, imanyamula dizilo woyengeka kale wa salufa yochepa. N'zoonanso kuti labala wakale amene anazolowera dizilo wakale amatha kufota n'kuyamba kudontha. Koma m'pampu yathu munali dzimbiri, ndipo dzimbiri limabwera ndi madzi. Salufa yochepa imathandiza injini, oyilo safulumira kuwonongeka ngati kale. Amene ndimamuopa ine ndi dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, amene sudziwa ngati muli parafini kapena madzi. Parafini safewetsa zitsulo ngati dizilo, ndipo pampu imene imadalira mafuta omwewo kuti isadyeke imamva msanga.

Chisanu chinabweretsa kake. Juni ndi Julayi m'mawa wa ku Lusaka umatsika pansi pa madigiri 10, ndipo injini ya kachipinda siidzuka popanda mahita. Ankazungulira nthawi yaitali, kutulutsa utsi woyera wowawa m'maso, n'kulira ndi masilinda osakwana. Mahita awiri anali atapsa. Titawasintha, silinda imodzi inkadumphabe injini ikatentha. Njira yoipezera ndi yakale: injini ikulira, mumamasula nati ya paipi ya silinda imodzi imodzi pa pampu. Liwiro likatsika, silindayo ikugwira ntchito. Likapanda kusintha, mwaipeza. Nozo za injini imeneyi ndi timakapisozi tosakonzeka, mumangotaya n'kuika china, ndipo sitidula kwambiri. Manati a mapaipi amafuna 40 Nm, osati mphamvu zonse za mnyamata wa sipanala. Pofufuza podontha pa mapaipi amenewa gwiritsani katoni, chifukwa dizilo wa presha amaboola khungu. Za sipuleyi yolizira injini ndinaletsa zedi. Pa injini ya mahita imatha kuphulikira m'njira ya mpweya.

Utsi wakuda tinauona kamodzi, nthawi ya fumbi, ndipo unatha titasintha filita ya mpweya. Wina anafuna kusuntha sikuluu ya mafuta kuti makina akhale ndi mphamvu, poti Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300. Turbo imabwezera kale zambiri za mpweya wochepawo, ndipo sikuluuyo anaimata ndi waya pa chifukwa. Oyilo timamuyang'ana tsiku lililonse ngati sakukwera pa dipusitiki kapena kununkha dizilo, chizindikiro cha labala wotsekera wakutha pa pampu yokoka mafuta. Mpaka pano ali pamalo pake.

Kodi ndingamugulenso? Inde. Zipangizo za 3306 zimapezeka mu Lusaka, zenizeni kwa Barloworld ndi zina m'mashopu a ku industrial area, ndipo makaniko wodziwa amamukonza pansi pa mtengo popanda laputopu. Mafilita okha sindigula otchipa opanda dzina. Koma ngati mulibe opareta amene angagwade m'mawa uliwonse kutsegula valavu ija, kapena ngati makina anu azimwa dizilo wa aliyense wobwereka, D6D ya sleeve metering idzakudyerani ndalama ya pampu chaka ndi chaka, ndipo kuli bwino mufune ya scroll, imene kamushafiti yake imafewetsedwa ndi oyilo wa injini.

Chatsala kwa ife ndi thanki. M'kati mwake mukugwabe dzimbiri, timaliona m'kabakuli koonekera kaja. Mvula ya Novembala isanayambe tidzaitsitsa, kuitsuka ndi nthunzi mpaka fungo la dizilo lithe, kenako owotcherera adzaboole pambali n'kuika chitseko cha mabawuti choti dzanja lizilowa potsuka.