Gulu la Loweruka limene likuthandiza mphwanga kusiya chamba

Ndimakonza njinga pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, ndipo ndikulera mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 16. Mayi ake ali kumudzi ku Katete. Makolo angapo akhala akundifunsa ngati gulu la m'komboni mwathu lolimbana ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo lili ndi phindu. Tapitako miyezi 8, ndiye ndinene zimene ndaona.

Ine ndinazindikira mochedwa. Masipanala anayamba kusowa, kenako pampu. Mnyamata ankabwera usiku maso ali psuu. Tsiku lina ndinapeza timabotolo ta mankhwala a chifuwa, a codeine aja, kuseri kwa chimbudzi, pamene m'nyumba munalibe wotsokomola. Ndinamukwapula, ndipo ndimamva nazo chisoni mpaka lero, chifukwa anangoyamba kugona kwa anzake.

Gululi limakumana Loweruka 2 koloko masana m'holo ya tchalitchi, ndipo salipiritsa ngakhale ngwee. Muli aphunzitsi awiri, anamwino a pa kiliniki, abusa, ashehe, amayi ogulitsa pamsika ndi abambo olondera komboni usiku. Tsiku loyamba anamwino anandiuza kuti, "Amalume, takhalani kaye panja, mwanayu ndicheze naye yekha." Zinandiwawa, pakuti kwathu mlandu wa mwana wa mlongo ndi wa malume. Koma zimene anawauza iwo mu ola limodzi, ine sanandiuzepo chaka chonse. Ndipo mawu akuti "janki", amene timangowaponya pamsewu, m'holomo ndi oletsedwa. Ana amaitanidwa ndi mayina awo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti sathera pa kulangiza ana okha. Amayenda m'tuntemba ndi m'mashabini, amayi patsogolo, kukakumbutsa ogulitsa kuti lamulo sililola kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18. Boma linaletsa tujilijili, mowa waukali wa m'timapaketi, mu 2012, koma mowa waukali womwewo unabwerera m'timabotolo totchipa, ndipo kachasu sanachokepo. Mwana wa sukulu akasunga ya chakudya masiku awiri, yakwana. Wogulitsa akaona mayi amene amapemphera naye ataima pakhomo, manyazi amamugwira kuposa mmene angaopere wapolisi. Ena amavomera masana n'kumagulitsabe pa windo lakuseri, izi sindibisa, koma malo awiri pafupi ndi kwathu anasiyadi kulandira ana.

Anaitananso mkulu wina wa Drug Enforcement Commission, bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo. Anyamata ambiri ankakhulupirira kuti chamba chinaloledwa mu 2021. Iye anafotokoza kuti lamulo la chaka chimenecho ndi la olima ndi chilolezo, pa ntchito ya mankhwala ndi kafukufuku, ndipo wopezeka ndi ndudu m'thumba amangidwabe. Mphwanga anandibwerezera zimenezi yekha tikudya nsima.

Zofooka zilipo. Atsikana ndi ochepa kwambiri, pamene kuseri kwa mabala timawaona. Bwenzi pali tsiku lawolawo ndi amayi okhaokha. Nthawi ya dzinja odzipereka ambiri amapita kuminda, misonkhano ina inalephereka osatiuza, tinakapeza holo yotseka. Komanso kwa mwana amene wamira kale, wonjenjemera akasowa mankhwala, gululi lilibe mphamvu. Amangolemba kalata yopita kuchipatala, ndipo akatchula chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500, makolo ambiri amangogwira njakata. Amawapatsa ana nambala yaulere ya Childline, 116, yoti aimbe zikawavuta pakati pa sabata, koma si onse ali ndi foni.

Mphwanga anaterereka kamodzi, mu February pa nthawi ya Nc'wala, atapita ku Mtenguleni ndi anzake akale. Lolemba lake aphunzitsi ndi abambo awiri anafika pa ntchito panga. Sanakalipe. Anakhala pa benchi, namupempha kuti Loweruka abwere ndi mpira, chifukwa ndiye wosunga. Anapita. Pano akumuthandiza kulemba fomu ya CDF, thumba la boma la ndalama zachitukuko cha m'dera, kuti akaphunzire zowotcherera zitsulo, ndipo akaweruka kusukulu amadzandithandiza kumanga masipoko. Bokosi la masipanala ndamupatsa kuti azitseka ndiye.

Amene mukufuna kupita ndi mwana wanu, musamutume yekha tsiku loyamba. Mupite naye, ndipo mukonzeke kukhala panja.