Wi-Fi yasowa poika Windows mwatsopano: flashi, chingwe cha foni kapena dongle?

Mwafomata laputopu, Windows 11 yalowa bwinobwino, kenako sikirini ikuti mulumikize ku netiweki. Pamndandanda palibe ngakhale dzina limodzi. Rauta ili pompo patebulo ikuphethira, foni yanu ikuiona, koma laputopu ili duu, ndipo batani la Next lazilala, silikudinika. Windows 11 Home yakhala ikuumiriza intaneti chitulukireni mu 2021, ndipo Pro inayamba kutero mu 2022. Chithandizo cha Windows 10 chitatha pa 14 Okutobala 2025, ambiri tinayamba kusamuka, ndiye khoma limeneli tikuliomba tonse.

Nthawi zambiri khadi la Wi-Fi silinafe. Windows yomwe ili pa flashi yoikira ilibe driver yake basi, kapulogalamu kothandiza Windows kugwiritsa ntchito khadilo, makamaka khadilo likakhala latsopano kuposa ISO yanu (fayilo ya Windows yomwe munaika pa flashi), monga MediaTek MT7921 kapena Realtek RTL8852BE. Driver ili pa intaneti, intaneti ikufuna driver. Musanavutike, dinani kaye Fn pamodzi ndi batani lokhala ndi kachithunzi ka ndege kapena ka mlongoti, ndipo ngati laputopu ndi yakale, fufuzani kaswitchi m'mbali mwake. Zikapanda kusintha, njira ndi izi.

Ine ndimaika patsogolo kusunga ma driver musanafufute chilichonse. Windows yakale ikadali moyo, tsegulani Command Prompt ngati administrator, pangani foda yotchedwa drivers pa flashi (pano chilembo cha flashi ndi E), ndipo lembani pnputil /export-driver * E:\drivers. Imakopera ma driver onse amene laputopuyo ikugwiritsa ntchito, a Wi-Fi, a mawu, a touchpad, onse. Mukadzafika pasikirini ya netiweki ija, dinani Shift ndi F10, pena Shift, Fn ndi F10, nkulemba pnputil /add-driver E:\drivers\*.inf /subdirs /install. Pakapita mphindi zochepa mayina a Wi-Fi amatulukira okha. Pa Windows 11 24H2 pali batani la Install driver pasikirini pomwepo, mumangoliloza ku foda. Simuwononga bandulo ngakhale pang'ono. Misampha yake ndi iwiri. Rufus ndi Media Creation Tool, mapulogalamu okonzera flashi yoikira Windows, amasesa flashi yonse, choncho fodayo muikope flashi itakonzedwa kale, apo ayi mupeza mbee. Komanso chilembo cha flashi chimasintha: inali E dzulo, lero ikhoza kukhala D.

Tsoka lake njirayi nlakuti ambiri timaikumbukira madzi atafika kale m'khosi. Ngati mwafomata kale, mutha kudawuniloda driver pa foni kapena pa kompyuta ya mnzanu, koma musangodalira dzina la laputopu. Malaputopu a mtundu umodzi, nambala imodzi, amatha kukhala ndi makadi osiyana mkati. Dinani Shift ndi F10, lembani devmgmt.msc kuti mutsegule Device Manager, mndandanda wa zida zonse za mu laputopu, pezani Network Controller yokhala ndi kachizindikiro kachikasu, pitani pa Details kenako Hardware Ids. VEN_8086 ndi Intel, VEN_10EC ndi Realtek, VEN_14C3 ndi MediaTek, VEN_14E4 ndi Broadcom, VEN_168C ndi Atheros. Ijambuleni ndi foni nambala yonseyo. Imakupulumutsani kudawuniloda mafayilo atatu olakwika musanapeze olondola.

Kwa amene wafomata kale ndipo ali yekha usiku, chingwe cha foni ya Android ndiye mpulumutsi. Lumikizani foni ku laputopu, pitani ku Settings, pa Hotspot and tethering, yatsani USB tethering. Windows imaiona foniyo ngati chingwe cha Ethernet, ndipo driver yake ili nayo kale m'mimba. Batani la Next limadzuka nthawi yomweyo, kenako Windows Update imakapeza yokha driver ya Wi-Fi. USB tethering ikakana kuyaka pa foni, musaikayikire foniyo. Ndi chingwe. Zingwe zambiri zotchipa nzongotchajira, mulibe mawaya onyamula data, ndiye sinthani china.

Apa ndichedwepo, chifukwa mpomwe ndinalumidwa. Poti Windows ikuganiza kuti ili pa Ethernet, imadya intaneti ngati ya ulere. Ndikukonza laputopu ya mchemwali wanga, ndinalumikiza foni nkupita kukaphika tiyi. Pobwera ndinapeza uthenga wakuti bandulo ya mlungu wonse yatha, laputopu ili pakati pa ma update. Chomwe sindinkadziwa nthawiyo nchakuti foni zambiri za Android zimatha kulandira Wi-Fi ya rauta kapena ya MiFi nkuipatsira laputopu kudzera pa chingwe. Zimitsani mobile data, foni ilumikizike ku Wi-Fi, kenako yatsani USB tethering: foni yasanduka khadi la Wi-Fi lobwereka. Ngati mulibe rauta ndipo bandulo ndiyo yokhayo, mukangofika pa desktop thamangirani ku Network and internet, pa Ethernet, muyatse Metered connection, yomwe imauza Windows kuti isamale data. A iPhone pepani, Windows yatsopano siitenga foni yanu ngati modemu popanda driver ya Apple, yomwenso imafuna intaneti.

Chingwe cha Ethernet chenicheni chimaposa foni pa liwiro ndi kukhazikika, ngati laputopu ili ndi doko lake ndipo rauta ili pafupi. Malaputopu opyapyala alibe dokolo, MiFi zambiri zilibenso. Kadaputala ka USB kupita ku Ethernet kamatseka mpatawo, ndipo kwa amene amakonza makompyuta a anthu nkoyenera kukhala m'chikwama.

Dongle ya Wi-Fi, kachipangizo kolowetsa pa USB m'malo mwa khadi lamkati, ndiye sindiikhulupirira. Anthu amathamangira kukagula poganiza kuti khadi lapsa, nkupeza kuti dongleyo nayo ikufuna driver, yomwe ili pa ka CD kakang'ono m'paketi, laputopu ilibe polowetsa CD. Zotchipa zambiri zimagwira 2.4 GHz yokha, ndipo zimakhala zitatulukira kunja, kudikira tsiku lothyokera m'chikwama. Ndalama yake ndi yomveka pokhapokha khadi lamkati litafadi, ndiye kuti silikuoneka mu Device Manager ngakhale ngati chinthu chosadziwika, ndipo mu BIOS, zosintha za laputopu zomwe mumalowamo Windows isanayake, simunalizimitse.

Palinso kuzemba sikiriniyo. Kwa zaka zingapo tinkadina Shift ndi F10, kulemba OOBE\BYPASSNRO, laputopu nkuyambiranso ndi mwayi wopitiriza popanda intaneti. Mu Malichi 2025 Microsoft inalengeza kuti ikuchotsa kafayilo kameneka, choncho kugwira kwake kukudalira msinkhu wa ISO yanu. Rufus ili ndi bokosi lochotsera lamulo la akaunti ya Microsoft pokonza flashi, ndipo ndi yodalirika kuposa kuloweza malamulo amene mawa atsekedwa. Koma tisanamizane, kuzemba sikukonza Wi-Fi. Mumafika pa desktop, pakona pansi pali kachithunzi ka dziko kosonyeza kuti palibe intaneti, ndipo mukufunabe flashi kapena chingwe cha foni. Ubwino wake ngwakuti mumayatsa Metered connection mukangolumikiza foni, musanadawunilode chilichonse cholemera, ndipo fayilo ya driver mumangoidina kawiri ngati pulogalamu ina iliyonse.

A Linux ali ndi mwayi umodzi womwe ife tilibe: Ubuntu ndi Linux Mint zimayaka kuchokera pa flashi, mumayesa Wi-Fi musanakhudze hard disk. Debian inayamba kuphatikiza firmware, mafayilo omwe makadi ambiri a Wi-Fi amafuna kuti agwire ntchito, mu installer yake pa Debian 12 mu Juni 2023. Amene amavutabe ndi makadi ena a Broadcom, monga BCM43142, ndipo kumenekonso chingwe cha Android chimagwira popanda kuika kalikonse.

Driver ikalowa, nthawi zina mumaona Wi-Fi ya aneba onse kupatula yanu. Pamenepo vuto lasamukira ku rauta. Khadi lakale siliona 5 GHz, ndipo ena amakana pasiwedi yolondola rauta ikakhala pa WPA3 yokha. Lowani mu rauta kudzera pa foni, yatsani 2.4 GHz, muike chitetezo pa WPA2, kenako muyesenso.