Miyendo yochita kupanga: ndemanga yanga nditadutsa nayo dzinja ndi chilimwe

Ndimakhala kwa Santhe, ku Kasungu. Miyendo yanga yonse iwiri inadulidwa m'munsi mwa mawondo chifukwa cha matenda a shuga, wakumanja poyamba, wakumanzere pambuyo pake. Anthu ambiri amandifunsa ngati miyendo yapulasitiki ndikuyenderayi ndi yothandizadi. Ndi yothandiza, ndipo pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 4. Koma amene akuganiza kuti akangovala adzuka n'kuthamangira minibasi, aiwale.

Sapanga mwendo bala lisanapole. Poyamba amakuphunzitsani kumanga bandeji potsalapo kuti kutupa kuthe, kenako amatenga chikombole ndi pulasitala ngati uja amamangira wothyoka fupa. Pa chikombolecho ndi pamene amaumbira soketi, polowa mwendo paja. Soketi ndiye mwini nkhani. Ikathina imatupitsa matuza, ikakhwepa mumayenda ngati mwavala gambuti za eni. Ndipo mwendo wodulidwa umaphwa m'miyezi yoyamba, choncho soketi imene inakukwanani bwino imayamba kugwedera. Mumawonjezera masokosi ake apadera aja, zikakanika mumabwerera kuti akakonze. Ndalama ya thiransipoti yobwererayi muikonzeretu.

Mafizo musathawe. Ine ndinayambira pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira, kenako ndodo ziwiri, pano imodzi. Wodulidwa miyendo yonse alibe mwendo wabwino woti atsamire, ndiye amatopa msanga kuposa mnzake wodulidwa umodzi. Lero ndimafika ndekha kumsika ndi kutchalitchi, ndimaima pa okala yanga n'kugulitsa. Mayi a kunyumba anasiya kundinyamula, ndipo msana wawo ndi umene ukuyamikira kwambiri miyendoyi.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha phazi. Ndi lalabala, lolimba ndithu, koma kakolo wake sapindika. Pamsewu wa M1 palibe vuto. Kalowe m'munda wa fodya kapena wa mtedza, kudumpha mizere, mudziwanso. Matope a mu Januwale amagwira phazi, inu osamva kuti lagwidwa. Kunjuta nako sikutheka, ndipo apa ndi pamene anthu sakamba: chimbudzi chokumba. Kalipentala wa pa msika pathu anandikhomera mpando woboola pakati, ndi chogwirira m'mbali. Pangitsani zimenezi miyendo isanabwere n'komwe.

Mwezi wa Okutobala ndi wozunza. Thukuta limadzaza m'soketi, khungu n'kufewa. Ndimavula masana, kupukuta, kusintha masokosi, ndipo madzulo aliwonse ndimayang'ana khungu ndi kagalasi. Anzanga a shuga, ichi musachitenge mwachibwana, poti ife kabala timachedwa kukamva komanso kamachedwa kupola. Miyendoyi musaiike pafupi ndi mbaula, pulasitiki imapindika ndi moto.

Njinga ya olumala musapereke kwa wina ayi. Usiku mukavula miyendo, kapena tsiku limene khungu lasupuka, ndi yomweyo imene ikufikitseni panja.

Nkhani ina imene inandilimbitsa mtima ndi ya Olivia Giles wa ku Scotland, amene anadulidwa manja ndi miyendo yomwe mu 2002 atadwala matenda oopsa a m'magazi. Iyeyu ndiye anayambitsa bungwe la 500 Miles, limene linathandiza kukhazikitsa malo opangira ziwalo zotere pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe ndi cha Mzuzu. Ku Blantyre ntchitoyi imachitika pa Queen Elizabeth. Kwa ife a ku Kasungu, yambirani kwa a mafizo pa chipatala cha boma kuti akulozereni njira. Popita kokayeza, tengani nsapato zimene muzivala tsiku ndi tsiku, chifukwa mwendo amauchuna motengera kutalika kwa chidendene cha nsapatoyo. Mukadzasintha n'kuvala yachidendene chosiyana, muzingoona ngati mukugwera kutsogolo kapena chagada.