Google Family Link: imatseka mapulogalamu, koma siimva zomwe mwana akuuzidwa

Family Link ndi pulogalamu yaulere ya Google yothandiza makolo kuyang'anira foni ya mwana, yomwe inatuluka mu 2017. Mumaiika pa foni yanu, kaya ya Android kaya iPhone, kenako mumalumikiza akaunti ya Gmail ya mwana, mafoni onse awiri ali pa intaneti. Mwana amene wakwanitsa zaka 13 amayenera kuvomereza yekha polowetsa pasiwedi yake, choncho musaganize zomuikira mobisa.

Pa ntchito yake imagwira bwino. Mwana sangatsitse kanthu pa Play Store inu musanalole. Mutha kuika maola oti agwiritse ntchito foni pa tsiku, kuitseka nthawi yogona, ndi kuona mphindi zomwe wathera pa TikTok kapena Telegram. Onetsetsani kuti malo oikira mapulogalamu ochokera kunja kwa Play Store ndi otseka, chifukwa ana amapatsirana mafayilo oikira mapulogalamu, otchedwa APK, pa Xender, pulogalamu yotumizirana mafayilo. Bandulo ikatha, zomwe mwasintha sizifika pa foni ya mwana mpaka italowanso pa intaneti.

Pofooka pake ndi poti siiwerenga mauthenga. Okopa achinyamata kuti alowe magulu achidani ndi achiwawa amayamba ndi kavidiyo pa TikTok kapena YouTube, amaona amene wayankha, kenako amamuitanira ku gulu la WhatsApp kapena Telegram. Kumeneko Family Link imangokuuzani kuti mwana wakhalako maola awiri, basi. Komanso nyambo yake nthawi zambiri sioneka yoopsa. Ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique, komwe zigawenga zinayamba ndi kuukira tauni ya Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, achinyamata ambiri anakopedwa ndi malonjezo a ntchito ndi ndalama. Uthenga wotero palibe sefa ingaugwire, umaoneka ngati mwayi.

Phindu lake lenileni lili pa lipoti la maola lija. Lionereni limodzi ndi mwana kamodzi pa sabata. Mukaona Telegram yakwera mwadzidzidzi, makamaka usiku, funsani mofatsa: "Mwanawe, gulu limeneli unalowamo bwanji? Anakuika ndani?" Mupempheni akuonetseni vidiyo imodzi, muionere mpaka kumapeto, ndipo mumve kaye chimene chamukopa musanatsutse. Tcherani khutu ngati wayamba kutchula anthu a chipembedzo china kapena mtundu wina ngati adani, kapena ali ndi mnzake watsopano amene amamuletsa kuuza akunyumba.

Kulanda foni mwaukali kumaononga zinthu. Wokopayo anamuuza kale kuti makolo ake samumvetsa, ndiye mwangomutsimikizira. Mawa lake mwana abwereka foni ya mnzake n'kutsegula akaunti ina atanama zaka.

Kwa mwana wa ku pulaimale amene ali ndi foni yakeyake, Family Link ndi yoyenera kuika. Kwa wa Fomu 3, igwiritseni ntchito pa maola ausiku ndi kuvomereza mapulogalamu atsopano, ndipo malirewo mugwirizane naye musanawaike.