Ufa wa brewer's yeast unaimiritsa bakha wanga mmodzi, koma winayo anafunika dokotala

Ndimaweta abakha awiri a mtundu wa Pekin, Nyenyezi ndi Mphatso. Si a ndiwo ayi, ndi anzanga apakhomo, ndipo ndinawatenga ali ndi masiku atatu okha. Paketi ya ufa wa brewer's yeast ndinaigula m'sabata yawo yachitatu, Nyenyezi atayamba kundidetsa nkhawa. Ankati akayenda pang'ono, n'kukhala pansi. Mnzake akathamangira madzi, iye ankatsala m'mbuyo akudzikoka, miyendo ikunjenjemera. Nditamunyamula ndinaona kuti mawondo ndi otupa ndipo miyendo yayamba kupindika ngati ya mwana wa matewe.

Vuto linali m'chakudya. Ndinkawapatsa chakudya cha anapiye poganiza kuti mbalame ndi mbalame basi. Koma bakha amafuna vitamini B3, amene amatchedwanso niacin, wochuluka kuposa nkhuku. Muyezo umene bungwe la National Research Council la ku United States linatulutsa mu 1994 umati bakha wa Pekin amafunika mamiligalamu 55 pa kilogalamu iliyonse ya chakudya, pamene anapiye a nkhuku zoikira mazira amafunika 27. Thupi la nkhuku limatha kudzipangira vitamini ameneyu wokwanirako kuchokera ku tryptophan, kachigawo kena ka mapuloteni a m'chakudya, koma la bakha limapanga wochepa kwambiri. Chimanga nachonso, chomwe chimachuluka m'zakudya zambiri za nkhuku, chili naye vitaminiyu koma womangika, moti thupi silitha kumutenga bwino. Ndiye Pekin ndi bakha wokula mwachangu ndiponso wolemera. Thupi limathamanga, miyendo n'kutsalira.

Za ufawo tsopano. Ndi yisiti youma, yakufa, yotsala pofulula mowa, ndipo ili ndi vitamini B3 uja. Ndi wabulauni pang'ono, wosalala, ndipo fungo lake ndi lamphamvu ndithu. Musausokoneze ndi yisiti yofufumitsira buledi, chifukwa ija ndi yamoyo ndipo si imene ikufunika pano. Ine ndinkathira supuni imodzi yaikulu pa kapu iliyonse ya chakudya, muyezo umene oweta abakha ambiri amagwiritsa ntchito.

Masiku awiri oyamba ufawo unangowonongeka. Abakha amadya mokokolola ndi mlomo, ndiye ankatola timibulu ta chakudya, ufa wonse n'kutsala pansi pa mbale. Tsiku lachitatu ndinayamba kuwaza madzi pang'ono pa chakudyacho kenako n'kusakaniza, kuti ufa umatirire pa timibulu. Apo m'pamene anayamba kuudyadi, ndipo fungo lija silinawavute n'komwe. Koma apa pali chenjezo limene ndikufuna mulimve bwino: chakudya chonyowa chimachita chuku msanga, ndipo abakha, makamaka aang'ono, sapirira poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Choncho ndinkasakaniza chokwanira kudya nthawi imodzi yokha, chotsala n'kutaya, mbale n'kutsuka. Pafupi ndinkaika madzi akuya moti atha kumiza mutu wonse, chifukwa bakha akamadya amafuna kutsitsira ndi madzi ndiponso kutsuka mphuno.

Patapita masiku anayi kunjenjemera kuja kunachepa. Sabata itatha, Nyenyezi anayenda yekha kuchoka pogona mpaka pa beseni losambiramo osapumira panjira. Ndinaima pakhomo n'kumuyang'ana mpaka atalowa m'madzi, mtima uli m'malo koyamba chiyambireni vutoli. Ndinkamusambitsanso m'madzi ofunda kwa mphindi zochepa tsiku lililonse, ndili pomwepo, kuti miyendo izigwira ntchito popanda kusenza thupi. Lero mwendo wake wakumanzere ndi wopindikabe pang'ono. Fupa likauma lili lopindika, palibe ufa umene ungaliwongole, ndipo ndikanayamba sabata imodzi m'mbuyo mwina sizikanafika pamenepo.

Chimene sindinakondwe nacho pa paketi imene ndinagula n'chakuti sanalembepo kuchuluka kwa vitamini B3 amene ali m'katimo. Analemba zoti muli mavitamini a gulu la B, basi. Kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi amene wapanga, ndiye munthu umangothira mongoyerekeza pamene chiweto chako chikudwala. Paketi yachiwiri ndinasankha yolembedwa manambala, ndipo ndikulangiza aliyense kuti achite chimodzimodzi. Chinanso, ufawu ukamwa chinyezi umaumbika mibulu yolimba, choncho ndinausamutsira m'chitini chotseka bwino.

Kenako panabwera nkhani ya Mphatso, ndipo ndi imene yandichititsa kulemba ndemangayi.

Ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, Mphatso anayamba kutsimphina. Popeza ufa uja unali utandithandiza kale, ndinangowonjezera muyezo n'kumadikira. Ndinadikira sabata yathunthu. Sindinaganize n'komwe zomutembenuza n'kuyang'ana kunsi kwa phazi, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Nditayang'ana ndinapeza chotupa cholimba pakati pa phazi, chotentha, chili ndi nkhanambo yakuda pamwamba. Amenewa ndi matenda otchedwa bumblefoot. Khungu la kuphazi likang'ambika kapena kuperepeseka, tizilombo, kawirikawiri ta mtundu wa Staphylococcus, timalowa n'kuyamba kupanga mafinya. Mafinya a mbalame sakhala amadzimadzi ngati athu. Amaumbika kukhala chinthu cholimba m'kati mwa phazi, moti kufinya sikuthandiza, kumangomupweteka.

Zizindikiro zake zinali zosiyana ndi za Nyenyezi, ndikanangoyang'anitsitsa. Nyenyezi anali wamng'ono, wokula kumene, ndipo miyendo yonse iwiri inali yofooka. Mphatso anali wamkulu, ndipo ankasunga phazi limodzi lokha, kumaliimika m'mwamba akaima.

Dokotala wa ziweto anatsegula chotupacho, anachotsa cholimba chija, anatsuka, anamanga bandeji, n'kundipatsa mankhwala opha tizilombo ndi ochepetsa ululu. Anandiuza mosabisa kuti tikanachedwanso matendawa akanatha kulowa m'minyewa ndi m'fupa, ndipo pamenepo kuchira kumavuta kwambiri. Kunyumba ntchito inali yosintha bandeji ndi kumusunga pouma, chinthu chovuta zedi kwa bakha. Ankaima pafupi ndi beseni n'kumalira mnzake akusambira. Chilonda chitayamba kutseka, ndinkamuviika phazi m'madzi ofunda osungunuliramo mchere wamankhwala wotchedwa Epsom kwa mphindi 10 mpaka 15, ndikumugwira mutu kuti asamwe, chifukwa mcherewu umatsegula m'mimba. Zinatenga masabata asanu kuti aponde bwinobwino.

Gwero lake linali pansi pamene ankayenda. Mbali ina ya khola inali ya simenti yokhakhala, ndipo utuchi wa pafupi ndi madzi unkakhala wonyowa tsiku lonse. Phazi la bakha ndi lofewa, linapangidwira madzi, matope ndi udzu. Likakhala pachinyezi chosakanikirana ndi zitosi limafewa kwambiri, ndiye likakhuzika pa simenti pansi pa thupi lolemera chonchi limang'ambika. Ndinayala mphasa za labala pa simentiyo, madzi ndinawasamutsira panja pa malo ogona, ndipo utuchi wonyowa ndimauchotsa m'mawa uliwonse. Dokotala ananenanso kuti kunenepa kwambiri ndi kuperewera kwa vitamini A zimafooketsa khungu la kuphazi, ndiye ndinachepetsa tokoma tonenepetsa n'kuwonjezera masamba obiriwira.

Kodi ufawu ndingaugulenso? Inde, ndipo ndagula kale kachiwiri. Kwa amene mukulera ana a abakha pa chakudya cha anapiye, uyambeni tsiku loyamba, musadikire miyendo kupindika. Ngati mukupeza chakudya chopangidwira abakha enieni, mwina simungaufune n'komwe, chifukwa vitaminiyu amakhala ataikidwa kale wokwanira. Koma pa chotupa cha kuphazi ufawu sunachite kanthu, ndipo sungachite kanthu. Panopa chitini chija chili pa shelefu pafupi ndi mabandeji, ndipo Loweruka lililonse ndimanyamula Nyenyezi ndi Mphatso mmodzimmodzi, kuwatsuka mapazi, n'kupapasa kunsi ndi chala changa.