Buku la mwamuna woumbidwa ndi mtapo: ndalipatsa nyenyezi zinayi

Bukuli ndinaligula pa K4,000 kwa bambo wina amene amayala mabuku akale pasaka pafupi ndi depoti ya Kasungu. Ndi la Chingerezi, masamba opitirira 400. Chikuto chinali chomata ndi selotepi koma m'kati munalibe tsamba losowa. Ndaliwerenga kawiri, ndiye ndikulankhula zimene ndaona ndekha.

Nkhani yake ndi ya mayi wamasiye, woumba mbiya komanso wodziwa matsenga. Mwamuna wake anamusiyira ngongole ndi ng'anjo imene sangathe kuisonkhezera yekha. Usiku wina akutsikira kumtsinje, akutapa mtapo, akuumba munthu wamwamuna n'kumulemba mawu pachipumi. Kutacha, munthu uja akudzuka n'kuyamba kuwaza nkhuni. Sadya, satopa, sakana kanthu.

Maganizo amenewa ndi akale. Ayuda ali ndi nthano ya golem, chimunthu choumbidwa ndi dothi n'kupatsidwa moyo, ndipo yotchuka kwambiri ndi ya ku Prague, kumene amati Rabbi Judah Loew, yemwe anamwalira mu 1609, anaumba chimunthu ndi dothi la mumtsinje wa Vltava kuti chiziteteza anthu ake. Mu nthano zimenezi pachipumi pa golem pamalembedwa mawu achihebri akuti emet, kutanthauza choonadi. Ukafufuta chilembo choyamba pamatsala met, wakufa, ndipo chimunthucho chimabwerera kudothi. Wolemba bukuli anabwereka pamenepo, koma funso lake ndi lina.

Ine ndinakulira kwa Santhe, ndipo nditangofika pamene munthu wadothiyu akugwira ntchito usana ndi usiku osadandaula, thupi linandizizira, chifukwa ndinakumbuka ndondocha. Tili ana tinkamva akuluakulu akunong'ona kuti uje nkhokwe zake sizitha chifukwa ali ndi ndondocha, munthu amene anamupha m'matsenga, kumudula lilime, n'kumamulimitsa usiku. Chimene chinkandiopsa si ufitiwo ayi, koma lilime lodulidwalo, munthu wosatha kunena kuti ndatopa. Ngakhale mawu oti roboti amachokera komweko: anayamba kumveka mu sewero la Karel Čapek la mu 1920, kuchokera ku mawu a Chicheki akuti robota, ntchito yokakamiza. Kwathu kuno tinkati thangata. Amene munaonapo moyo wa matenanti m'maesiteti a fodya kuno ku Kasungu, banja lonse likusoka fodya m'chigafa podikira malipiro a kumapeto kwa chaka, mudzaliwerenga bukuli ndi mtima wina.

Chikondi chikubwera pang'onopang'ono, ndipo apa ndi pamene wolemba waonetsa luso. Madzulo ena mayiyu akumufunsa munthu wake uja ngati amamukonda. Iye akuvomera nthawi yomweyo, osaphethira. Mayiyo akutuluka panja n'kukalira kuseri kwa ng'anjo, poti akudziwa kuti akanamuuza kuti alowe pamoto, akanavomeranso chimodzimodzi. Ndinatseka buku pamenepo n'kukhala phee kwa kanthawi. Kenako mayiyu akuganiza zosintha mawu apachipumi aja kuti munthuyo azitha kukana, akudziwa bwino kuti akhoza kumuthawa ndipo ngongole ija imutsalira yekha. Chinthu choyamba chimene akukana ndi chaching'ono zedi, kukatunga madzi. Mayiyo akusenza yekha mtsuko, akumwetulira njira yonse mpaka kuchitsime. Zotsatira zake sindiulula, koma misozi inanditsika.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa zomveka. Pakatikati pali mitu ingapo ya nkhondo ya amatsenga, mayina ambirimbiri amene sathandiza nkhani, ndipo ulendo wachiwiri ndinangoidumpha osataya kanthu. China chinandiwawa kwambiri monga mdzukulu wa woumba mbiya. M'bukumu mayiyu amaumba mbiya m'mawa, madzulo ake n'kuziwotcha. Agogo anga akanamva akanagwira pakamwa. Iwo ankasinja mtapo, kuchotsa timiyala ndi zala, kuumba, kusalaza ndi chitsononkho chonyowa, kenako mbiya zinkakhala m'nyumba pamthunzi masiku ambiri mpaka ziume gwa. Yaiwisi ukaiika pamoto imaphulika. Munthu wolemba buku lonse lonena za dothi anayenera kukhala kaye pansi ndi woumba weniweni.

Makolo anzanga, mumve bwino apa: bukuli ndi la akuluakulu. Zakuchipinda azilemba poyera osaphiphiritsa, m'mitu itatu kapena inayi. Sizonyansa, zikugwirizana ndi nkhani chifukwa zikuchitika munthu uja atayamba kutha kukana, komabe si buku losiya patebulo pamene pali mwana wa Fomu 2 wokonda kuwerenga. Langa likakhala pakhomo limakhala m'sutikesi, pansi pa zitenje. Amene nkhani za matsenga zimawasautsa mumtima chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ndibwino alilambalale.

Chingerezi chake n'chapakatikati. Amene anafika Fomu 4 atha kutsatira, kupatula mawu ochepa akale amene ndinkawafufuza pafoni. Zilembo ndi zazing'ono, ndipo magetsi akazima, kuwerenga ndi tochi kumatopetsa maso msanga, ndiye ndinkawerenga masana kushopu makasitomala akachepa. Bambo wogulitsayo anandilola kuvundukula masamba onse ndisanalipire, ndipo anati ndikalibweza lili bwino adzandisinthira lina ndikawonjezera pang'ono. Sindinalibweze. Panopa lili kwa mnzanga wa ku Mtunthama, ndipo ndamuuza kuti alikutire ndi pepala, asapinde ngodya za masamba.